Mafunso ndi mayankho okhudza Demanufacture, chimbale chimene chimalira m'shopu mwanga ku Kapata

Ndimawotcherera zitsulo ku Kapata, mu Chipata muno: mageti, mafelemu a mawindo, mbaula, nthawi zina ngolo ya ng'ombe ikathyoka ekiselo. Amene munadutsapo pashopu panga mukudziwa kuti pamwamba pa phokoso la gilayinda pamamvekanso phokoso lina, lochokera m'kasipika kamene ndinakamangirira ndi waya kumtanda wa denga. Makasitomala amafunsa. Ana a sukulu amaima pakhomo n'kumasekerera. Amai anafunsa mpaka anatopa. Ndiye ndati ndilembe mafunsowo pamodzi, kuti wina akadzafunsanso ndili ndi ndodo yowotcherera m'manja ndidzangomulozera pano.

Kodi chimene mumamveracho n'chiyani kwenikweni?

Ndi chimbale chotchedwa Demanufacture, cha gulu la Fear Factory la ku Los Angeles, ku America. Chinatuluka mu June 1995 kudzera ku kampani ya Roadrunner Records, ndipo chinali chimbale chawo chachiwiri, choyamba chija, Soul of a New Machine, chitatuluka mu 1992. Muli nyimbo 11, ndipo zonse pamodzi sizikwana ola. Anthu ake ndi anayi: Burton C. Bell ndiye woimba, Dino Cazares wa gitala, Raymond Herrera wa ng'oma, ndi Christian Olde Wolbers, wobadwira ku Belgium, wa besi. Palinso Rhys Fulber, wa ku Canada, wa gulu la Front Line Assembly, amene anaikamo mawu a kiyibodi ndi tiphokoso ta makina timene mumamva kuseri kwa nyimbo.

Mawu akuti industrial metal akutanthauza chiyani?

Ndi dzina la mtundu wa nyimbo za m'chimbalechi, ndipo ndi mitsinje iwiri imene inakumana. Woyamba ndi wa metal, nyimbo za gitala lolemera, umene anthu ambiri amauyambira pa gulu la Black Sabbath la ku Birmingham, mzinda wa mafakitale ku England. Chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1970. Nkhani ya woimba gitala wawo, Tony Iommi, ine imandikhudza ngati ya m'bale wanga, chifukwa ali mnyamata ankagwira ntchito pafakitale ya malata ndipo makina anamudula nsonga za zala ziwiri. Anadzipangira tizisoti ta pulasitiki tovala kuzalazo, ndipo kenako anafewetsa nsambo za gitala kuti zisamamupweteke. Nsambo yofewa imalira mawu otsika, olemera. Aliyense amene anagwirapo chitsulo chakuthwa m'mawa wa June zala zili gwa ndi chisanu amvetsa nkhani imeneyi popanda womasulira.

Mtsinje wachiwiri ndi wa industrial. Dzinali linachokera ku kakampani ka zimbale kotchedwa Industrial Records, kamene gulu la Throbbing Gristle linayambitsa ku England m'zaka za m'ma 1970. Amenewa ankapanga nyimbo ndi phokoso la makina, matepi odulidwadulidwa ndi zina zimene munthu wamba sangazitche zoimbira. Ku Berlin kunali gulu la Einstürzende Neubauten limene linkamenya zidutswa za zitsulo ndi kulizira madirilo pasiteji penipeni. Zikanakhala kuti ali kuno, bwenzi ndikuwagulitsa zotsala za m'shopu mwanga.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mitsinjeyi inasakanikirana. Gulu la Godflesh, la ku Birmingham komweko, linatulutsa Streetcleaner mu 1989, anthu oimba magitala motsatira makina oimba ng'oma m'malo mwa munthu. Ministry ya ku Chicago inatulutsa Psalm 69 mu 1992, Nine Inch Nails inatulutsa The Downward Spiral mu 1994, ndipo Rammstein ya ku Germany, imene achinyamata ena kuno amaidziwa chifukwa cha moto wa pasiteji, inatulutsa chimbale chake choyamba mu 1995, chaka chimodzimodzi ndi Demanufacture.

Koma zoona zake, si phokoso chabe limeneli?

Funso ili ndi limene ndimafunsidwa kwambiri, ndipo ndi limene limandichititsa kuzimitsa makina n'kukhala pachigubu.

Kodi munapitapo kuchigayo m'mawa kwambiri, musanayambe mzere? Mwini chigayo akaliza injini, poyamba imatsokomola, du, du, du, kenako imakoka mpweya, lamba amayamba kuwomba, nyundo za m'kati zimathamanga mpaka mawu onse asanduka amodzi. Kwa mlendo limenelo ndi phokoso. Koma mnyamata wogayitsa, amene wakhala pamenepo zaka zitatu ufa uli mbuu m'nsidze, amamva zambiri m'phokoso lomwelo. Amadziwa kuti chimanga chachuluka m'kati chifukwa injini yayamba kubuula. Amadziwa kuti sefa yang'ambika asanaone n'komwe ufa. Akamva kamawu kena kachilendo amathamangira kukazimitsa, inu mukungodabwa kuti chavuta n'chiyani. Khutu lake linaphunzira.

Chimbale ichi chimafuna khutu lotero. Chinsinsi chake chagona pa ng'oma yaikulu ya pansi ndi gitala. Herrera amaponda ng'oma imeneyo ndi mapazi onse awiri, mothamanga ndi modukizadukiza, ndipo Cazares amakhwatcha nsambo kamodzi pa kugunda kulikonse kwa phazi, chikhatho chitapanikiza nsambozo kuti mawu asatalike. Phazi likagunda kasanu n'kuima, dzanja nalo lakhwatcha kasanu n'kuima. Palibe wotsogola, palibe wotsalira. Zinthu ziwirizi zimamatana mpaka simungathe kunena kuti ichi n'chikopa, ichi ndi nsambo. Ndipo pakati pa kugundako pamakhala timipata ta chete, tating'ono ngati kuphethira kwa diso, koma toyera. Timipata timeneti ndi timene ndimakonda kuposa china chilichonse. Phokoso wamba lilibe mipata. Gilayinda yanga ikayamba kulira siidziwa kupuma pamalo oyenera.

Yesani chonchi. Ikani nyimbo yoyamba, imene dzina lake ndi lomwelo la chimbale. Musamvere mawu a woimba, musamvere chilichonse, tsatirani ng'oma ya pansi yokha, chala chikugunda patebulo. Ulendo woyamba mudzasochera. Wachitatu mudzayamba kudziwa pamene ikuima. Wachisanu mudzapeza kuti mutu wayamba kugwedezeka wokha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinanso chimene simudzapezamo ndi kudzionetsera kwa woimba gitala. Magulu ambiri a metal amakhala ndi chigawo chimene wa gitala amatsala yekha n'kumathamangitsa zala kuti anthu amutame. Muno mulibe zimenezo. Gitala ndi nyundo basi, ndipo nyundo siinyada.

Ng'omazo akuimba ndi munthu kapena ndi makina?

Ndi munthu, ngakhale ambiri atamva koyamba sanakhulupirire. Chimene chimasokoneza n'chakuti pang'oma zake pamaikidwa timasensa timene timati phazi likagunda, timatulutsa mawu ofanana nthawi zonse, akuthwa, ngati chitsulo chagunda chitsulo. Liwiro ndi kawerengedwe zimachokera m'miyendo ya munthu, koma kamvekedwe kamadutsa m'makina. Ena amati kumeneko n'kubera. Ine ndimati nanenso ndimagwiritsa ntchito makina owotcherera, koma geti ikapindika mumatukwana ine, osati makinawo.

Nanga woimbayo akukalipira ndani?

Akukalipira makina, ndi anthu amene amalamulira anzawo ngati makina. Nkhani imene ikuyenda m'chimbale chonse ndi ya munthu wolimbana ndi ulamuliro wa makina, ndipo eni ake sanabise kuti filimu ya The Terminator inawapatsa maganizo. Dzina la nyimbo yachisanu ndi chinayi, H-K (Hunter-Killer), ndi la makina osaka anthu a m'filimu imeneyo. Amene tinakulira m'tinyumba ta vidiyo, titakhala pamabenchi a mapulanga, tikuwakumbukira.

Apa ndi pamene chimbalechi chinandigwira. Anthu anayi anadziphunzitsa kuimba molongosoka ngati makina, n'cholinga choti anene kuti munthu si makina. Ndikakhala ndi oda ya mafelemu makumi awiri ofanana, kudula, kuwotcherera, kugogoda zinyalala, kupala, kudulanso, msana ukuwawa, mwini nyumba akuimba foni katatu pa tsiku, ndimamva kuti amene akukuwa m'sipikamo akudziwa zimene zili mumtima mwanga.

Koma Bell samangokuwa. Amabangula ndi mawu okhakhala m'ndime, kenako pakolasi amatsegula mmero n'kuimba mawu osalala, otalika, ngati munthu ali yekha m'tchalitchi chopanda anthu. Masiku ano magulu ambirimbiri amachita zimenezi, mpaka zinafika potopetsa, koma mu 1995 anali ochepa amene ankasakaniza mawu awiriwa m'nyimbo zolemera chonchi. Tsiku lina mai wina wogulitsa tomato pafupi nane anabwera kudzatenga mbaula yake, kolasi ya Self Bias Resistor ili m'kati. Anaima n'kunena kuti, "Aa, kodi mwamuna ameneyu amatha kuimba? Nanga amadzivutitsiranji ndi kukuwa kuja?" Ndinalibe yankho lachidule.

Anthu amati nyimbo zotere n'za satana. Mukuti bwanji?

Amai atamva koyamba anandiitanira kuseri kwa nyumba, kumene amatsukira mbale, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, unene zoona, walowa zinazake?" Ndinawauza kuti, "Iyayi amai, n'kwaya ndimapitabe, ndi nyimbo chabe." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Lamlungu lotsatira anaonetsetsa kuti ndakhala benchi ya kutsogolo.

Sindinamiza munthu. M'chimbale ichi mulibe nyimbo yotamanda satana. Koma muli mkwiyo, muli mawu ena otukwana, ndipo nyimbo yakhumi ili ndi dzina limene sindilemba pano chifukwa limanyoza zimene ambiri a ife timalemekeza. Nyimboyo ndi ya munthu amene akufunsa kuti mpulumutsi ali kuti pamene zinthu zafika poipa. Funso limenelo ndinalimvapo pamaliro, kuchokera pakamwa pa anthu opemphera kuposa ine, kungoti iwo analifunsa akulira, osati akubangula. Ngati chikumbumtima chanu sichikulola, idumpheni. Ine ndikakhala ndi makasitomala achikulire ndimaidumpha, ndipo sindiona kuti ndataya kanthu pa ulemu wanga ngati wokonda chimbalechi.

Ndiyambire nyimbo iti?

Replica. Ndi yachinayi, ndi yofupikirapo, kolasi yake imagwira msanga, ndipo ndi imene inatchuka kwambiri. Nkhani yake ndi yowawa, ya mwana wobadwa chifukwa choti mai ake anagwiriridwa, koma khutu limailandira mosavuta. Mukatero pitani pa Zero Signal. Mwina mudzadabwa kuti munaimvapo kale, chifukwa ili m'filimu ya Mortal Kombat ya 1995, imene anyamata a msinkhu wanga tinaonera mpaka tepi inatha mphamvu. Body Hammer ndi ya ife ogwira zitsulo, mumamveka kugunda ngati nyundo pachitsulo ndipo liwiro lake n'lapakatikati, loyenera kugogodera.

Dog Day Sunrise si yawo, anaibwereka ku gulu la ku England lotchedwa Head of David, limene Justin Broadrick wa Godflesh anaimbamo ng'oma nthawi ina. Ndi yofatsa kuposa zinzake, ndipo ndimaiona ngati madzi akumwa pakati pa ntchito.

Munthu wa ku Chipata akonderenji nyimbo za azungu zotere? Zathu zatha?

Sizinathe, ndipo foni yanga yadzaza nazo. Ndinapitapo ku Mkaika nthawi ya Kulamba, ndinaima pafupi ndi oimba ng'oma za gule mpaka chifuwa chinkanjenjemera ndi mbalule. Ku Mtenguleni pa Nc'wala ndinamvapo nthaka ikugwedezeka amuna akuponda pansi nthawi imodzi. Sindikunena kuti Fear Factory ndi gule, ndisalakwire akuluakulu, zimenezo zili ndi mwambo wake ndi malo ake. Ndikungoti munthu wokulira kuno sangaope ng'oma yolimba, ndipo amadziwa kale kuti woimba ng'oma wabwino amatsatira phazi la wovina mpaka awiriwo asanduka chinthu chimodzi.

Ndiponso gitala laukali si mlendo m'Zambia. M'zaka za m'ma 1970 tinali ndi Zamrock: gulu la WITCH lotsogoleredwa ndi Jagari Chanda, Amanaz ndi chimbale chawo Africa cha 1975, Paul Ngozi ndi Ngozi Family. Atate anga, amene amati nyimbo zanga zimawapweteka mutu, ndi omwewo amene amasimba monyadira mmene ankavinira nyimbo za Paul Ngozi atavala buluku lotambalala kumiyendo. Ndikawakumbutsa amati, "Zija zinali nyimbo, iwe." Ndimangoseka. Ku Botswana nakonso kuli magulu a metal a anthu akuda ngati ife, monga Wrust ndi Overthrust, ndipo a Overthrust amachititsa chikondwerero cha nyimbozi kwawo ku Ghanzi. Za azunguzo, Cazares ndi Herrera ndi ochokera m'mabanja a ku Mexico, ngati zimenezo zingakutonthozeni mtima.

Zimavinidwa bwanji?

Ndi khosi. Mawa lake mudzandikumbuka.

Makutu sawonongeka?

Amawonongeka, ndipo pano sindichita nthabwala. Akatswiri a zaumoyo amaika malire pa madesibelo 85 (muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola asanu ndi atatu, ndipo phokoso likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawi yotetezekayo imadulidwa pakati. Gilayinda podula chitsulo imapitirira malirewo kutali. Kulakwitsa kumene ndinkachita kale n'kuvala mahedifoni ndikupala chitsulo, n'kukweza nyimbo kuti ipose gilayinda. Usiku ndikagona m'khutu lakumanzere munkalira kamluzu kosatha, ndipo mpaka lero kamabwera kukakhala zii. Timaselo ta m'kati mwa khutu tikafa sitimeranso. Tsopano ndimatseka makutu ndikamapala, ndipo nyimbo ndimaimvera pamene ndikuyeza, kulemba ndi choko kapena kupenta. Anyamata amene ndimawaphunzitsa ntchito ndimawauza zomwezo, ngakhale amandiyang'ana ngati ndine ambuya awo.

Ndingachipeze kuti, ndipo ndimvere pachiyani?

Chilipo pa YouTube, pa Spotify ndi malo ena otere, bola mukhale ndi bandulo. Ine ndinachipeza movutikira. Ndinapatsa mnyamata wina wa pakantemba koika nyimbo m'mafoni memori kadi yanga, nditamulembera dzina papepala bwinobwino. Madzulo ndinabwerera, ndinalipira, ndinafika kunyumba n'kupeza kuti wandiikira nyimbo za kwaya makumi anayi ndi zina za ukwati. Nditamufunsa mawa lake anati anazipeza, anamvera pang'ono, n'kuganiza kuti fayilo ndi yowonongeka, ndiye anandichitira chifundo. Ndalama sanabweze.

Musamvere pasipika ya foni. Kasipika kameneko sikatulutsa mawu a pansi, ndiye chimene chimatsala ndi kuthetheka kokhakokha ngati mafuta m'chiwaya, ndipo mudzandida popanda chifukwa. Mahedifoni otchipa a pamsika amakwanira, bola akhale otseka khutu lonse ndipo musakweze mopitirira. Sipika yaikulu ndi yabwino, koma kumbukirani anzanu oyandikana nawo. Yanga yoyamba ndinaipsereza mwezi umodzi usanathe. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Gululi likadalipo?

Dzina likadalipo, koma anthu anasintha. Atatulutsa Demanufacture anatulutsa Remanufacture mu 1997, mmene nyimbo zomwezi anazikonzanso mwa makina, kenako Obsolete mu 1998. Pambuyo pake panabuka mikangano. Cazares anachoka mu 2002 n'kubwerera mu 2009, Herrera ndi Wolbers anatsala kunja, nkhani ya mwini dzina inafika mpaka kukhoti, ndipo Bell anachoka mu 2020. Mu 2023 analengeza woimba watsopano wa ku Italy, Milo Silvestro. Mwa anayi aja watsala Cazares yekha. Zimandimvetsa chisoni kuti anthu amene ankagunda pamodzi osasiyana ngakhale kamphindi analephera kukhala patebulo limodzi, koma ndinaonapo abale a mimba imodzi akulandana makina owotcherera atate awo atamwalira, ndiye sindiweruza.

Palibe chimene simuchikonda m'chimbalechi?

Chilipo. Besi siimveka payokha, inamira pansi pa gitala, ndipo kwa munthu wokulira pa kalindula, mmene besi ndiye mwini nyumba, zimenezo zimawawa. New Breed ndi Flashpoint ndi zabwino koma zikadachoka sindikadalira. Ndipo mawu ena a kiyibodi amamveka kuti ndi a nthawi yawo, ngati foni ya mabatani.

Kwa zaka zingapo ndinkadumphanso nyimbo yomaliza, A Therapy for Pain. Imatenga pafupifupi mphindi khumi, ndi yochedwa, mulibe kuthamanga kwa mapazi kuja, ndipo chakumapeto imangosanduka mphepo ya makina imene ikuzilala pang'onopang'ono. Ndinkati yawononga chimbale. Ndiye m'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo malaiti akuzima pafupifupi tsiku lonse, ndinakhala masana ena m'shopu ndilibe chochita. Geti ya kasitomala inali chigonere pansi, mbali imodzi yowotcherera, ina ayi. Gilayinda zii, chigayo cha kuseri zii, Kapata yense ankangomveka mabelu a njinga ndi amai oitanira makasitomala. Kasipika kanali ndi batire yotsala pang'ono, ndipo manja anali akuda ndi girisi moti sindinafune kugwira foni kuti ndidumphe nyimboyo. Ndinaisiya. Mnyamata wanga wophunzira ntchito, amene nthawi zonse amadandaula za nyimbo zanga, anakhala pachigubu n'kumvera mpaka kumapeto, kenako anati, "Bosi, bwezeraninso imeneyo." Batire inathera pakati pa ulendo wachiwiriwo.